Kaseti Yopanda Mawu ya a Zefaniya

Alamu anga a Zefaniya Mwale tawaika sabata yathayi, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti pa maliro awo anthu analankhula mopanda dongosolo. Wa kumpingo analankhula, wa kubanja analankhula, kenaka munthu wina amene sitikumudziwa n'komwe anaimirira n'kuyamba kusimba za ng'ombe yake imene inafa chaka chatha, popanda womukhazika pansi. Ine ndinkangoyang'ana bokosi lija, mumtima ndikuti chivundikiro chisuntha tsopano lino. Munthu amene anatha ukalamba wake wonse akuuza anthu a kuno ku Zemba kuti adikire nthawi yawo, n'kumuika ndi phokoso lotere!

Ine ndinakwatira mlongo wawo, choncho ndili ndi ufulu wowanena ngakhale ali pansi. Sukulu ndinaisiyira panjira, cholembera chimaterera m'zala zangazi, koma ndisimbabe, pakuti achinyamata akungodziwa kuti a Zefaniya anali mkulu wouma nkhope uja wa wailesi. Chimene chinaumitsa nkhopeyo sakuchidziwa.

Ntchito yawo inali yopanda malipiro. Zaka zija boma litasintha, makoparetivu atagwa, ogula chimanga akubwera aliyense ndi sikelo yake, bungwe lina la ku Chipata linagawa mawailesi m'midzi. Anali mawailesi aja okhala ndi malo oikapo kaseti. Lachinayi lililonse masana tinkasonkhana pansi pa mkuyu kumvera pulogalamu ya alimi. Ikatha, tinkakambirana zimene tamva ndi zimene zikutiwawa, wailesi ija ikujambula mawu athu. Kasetiyo ankaitenga a Tembo, munthu wa bungwelo woyenda pa njinga yamoto, ndipo pakapita masabata tinkadzimva tokha pa wailesi, nthawi zina ndi yankho la akuluakulu a ku ofesi. Gulu lililonse linali ndi tcheya wake, wosunga wailesi ndi kuyendetsa zokambirana. Wathu anali alamu anga. Chimene analandirapo pa zaka zonsezo ndi sikipa imodzi yoyera, ndipo inali yaing'ono, mimba kunja.

Wailesiyo ankainyamula ngati khanda. Ankaikulunga m'chitenje cha akazi awo, a Naphiri, n'kuimanga kumbuyo kwa njinga, koma njingayo osakwera, kuyenda nayo chokankha kuopa mabampu. Mabatire ankawayanika padenga la khola ati apezenso mphamvu. Tsiku lina anagulitsa nkhuku ya a Naphiri kuti agule atsopano, ndipo mkangano wake tinaumvera kutsidya kwa dambo. A Naphiri ankati anakwatiwa pa mitala osauzidwa, mkazi wamng'ono ndi uja wa mlongoti pamutu.

Koma chimene ndimawakumbukira nacho kwambiri ndi chitsononkho. Ankabwera ndi chitsononkho cha chimanga m'thumba la jekete, ndipo wolankhula anali yekhayo amene wachigwira. Kaya ndiwe katekisiti, kaya unapita ku migodi n'kubwerako ndi Chingerezi, ngati chitsononkho sichili m'manja mwako, tseka pakamwa. Ndipo chinkayambira kwa azimayi. Ankati mwamuna akayamba ndiye, mkazi amangovomera kuti nkhani ithe, choncho amuna tizidya makombo a nkhani. Ine izi zinkandiwawa, pakuti ndinabadwa ndi pakamwa poyabwa.

"Alamu, chitsononkho icho chikuchedwa kumbali ya azimayi," ndinkatero.

"Mwachigwira?"

"Ayi."

"Nanga mukulankhula ndi chiyani?"

Tsiku lina ndinabwera ndi changa m'thumba. Nkhani itafika pokoma ndinachitulutsa n'kuchikweza m'mwamba. Alamu anga anachilanda n'kuchiponyera mbuzi.

Pansi pa mkuyu paja pankakhala anthu amene kwina sakanakhalira limodzi. Mbali ina Akatolika, mbali ina a gule. Katekisiti wathu anafuna kuti tiziyamba ndi pemphero, a gule anati ngati zili choncho iwonso abwere ndi ng'oma. Alamu anga, amene anali Mkatolika wosaphonya Misa, anakana zonse ziwiri. Anati tiziyamba ndi kufunsa amene akudwala m'midzi yathu, popeza matenda salowa mpingo. Katekisiti anawakwiyira nyengo yonse ya dzinja, mpaka kuwadumpha pogawa zowerenga za Lamulungu. Iwo sanasunthe.

Lamulo lawo lalikulu linali la mayina. Pa kaseti dzina la munthu silinkatchulidwa. Wina akaiwala n'kunena kuti "monga anenera a uje", ankaimitsa, kubweza kaseti, n'kufufuta. Pa wailesi tinkangomveka ngati mayi wina wa ku Zemba, bambo wina wa ku Zemba. N'chifukwa chake anthu ankamasuka. Ankanena za sikelo yakuba, za feteleza wofika chimanga chitamasula kale, za amuna omwera nsawa za akazi awo. Alamu anga ankati wailesi ili ndi pakamwa pokha, kaseti ndiye khutu limene aibwereka, ndipo iwo ntchito yawo ndi kusunga khutulo lisatsekeke. Ankauza aliyense, makamaka amanyazi, kuti mawu ake adzapita monga wawanenera ndipo palibe adzamuloze chala. Ankalonjeza ndi dzanja pachifuwa.

Amene anawadziwa m'zaka zomaliza sangakhulupirire kuti munthuyu ankaseka. Ankaseka mpaka kutsokomola. Kumapetoku ankabwera pa mkuyu, kudina batani, kuyang'ana pansi, kudinanso, kukulunga wailesi, n'kumapita. Ukawapatsa moni panjira ankayankha ngati wawadzutsa. Ndinayesapo kuwaputa, ndinati, "Alamu, nkhope imeneyi mwaibwereka kwa ndani, bwezani mwini wake akuifuna." Anangoti, "Zikomo alamu," n'kupitirira. Munthu ukamunyoza iye n'kukuthokoza, dziwa kuti zinthu zavuta.

Zinayamba chaka chimene bungwe lija ndalama zinalithera, n'kupeza kampani ina ya thonje yoti izilipirira pulogalamu. Matcheya onse anaitanidwa ku boma ku Chadiza. Alamu anga anandiuza kuti anawamwetsa tiyi wa mkaka, kenaka a Tembo anaima n'kufotokoza kayendetsedwe katsopano. Kuyambira tsopano wolankhula aliyense aziyamba ndi kutchula dzina lake ndi mudzi wake, ati kuti omvera adziwe kuti ndi anthu enieni. Nkhani yokambirana izichokera ku Chipata. Ndipo mawu akafika kumeneko ndi a bungwe, lingawadule monga lafunira kuti akwane nthawi. Matcheya anafunsa kuti anafunsidwa liti. A Tembo anati iwonso angotumidwa.

Alamu anga anabwerako ali khuma, komabe anati tiyese kamodzi, mwina tikuopa mthunzi. Nkhani ya sabata imeneyo inali thonje. Chitsononkho chinapita kwa a Nabanda, mayi wamasiye wolera adzukulu, amene analima thonje chaka chimenecho pa munda umene kale ankalima chimanga. Anazengereza. Alamu anga anawauza kuti anene dzina, asaope, iwo alipo. A Nabanda anatchula dzina, n'kulankhula bwino zedi. Anati thonje lawagulira bulangete ndi nsapato za mdzukulu, inde, koma nkhokwe yawo ili pululu, mankhwala opopera awasupula manja, ndipo kampani itachotsa za mbewu ndi mankhwala, chotsala sichikanagula chimanga chofika nacho ngakhale pa Khirisimasi. Anati sadzalimanso. Tonse tinaomba m'manja.

Patapita masabata tinamva pa wailesi: "Ine ndine Nabanda wa ku Zemba. Thonje landigulira bulangete ndi nsapato za mdzukulu." Basi. Kenaka kanyimbo ka kampani.

Ndipo sanaulutse kamodzi. Ankabwereza m'mawa, masana, pakati pa mpira, paliponse. Kumjigo azimayi anayamba kufunsa a Nabanda kuti kampani yawapatsa zingati. Ana ankawaimbira kanyimbo kaja akamadutsa. Mkazi wina wa ku Mlolo anawapeza pachigayo n'kuwauza kuti mwamuna wake wagalauza munda wonse wa nsawa kuti abzale thonje chifukwa cha mawu awo.

A Nabanda anapita kunyumba kwa alamu anga. Ine ndinali pomwepo, ndikuwathandiza kufolera nkhokwe, kapena tinene kuti ndikuwaonerera akufolera.

"A Mwale, tsikani."

Anatsika.

"Munati chiyani kwa ine, dzanja lili apa?"

"Mayi, ine sindinadule mawu anu."

"Sindikufunsa amene anadula. Ndikufunsa amene anandiuza kuti ndisaope."

Alamu anga anavula chipewa. A Nabanda anawaonetsa manja awo, mkati ndi kunja, n'kutembenuka kumapita. Nkhokwe ija inagona yosafolera mpaka mvula yoyamba.

Pamenepo ndi pamene alamu anga anakwera njinga, kukwera kwenikweni, wailesi ataisiya kunyumba. Anazungulira kwa matcheya anzawo, ku Mlolo, kufupi ndi boma, mpaka midzi ya kumalire. Anakumana tsiku la msika kuseri kwa chigayo ku Chadiza. Ena ankati abweze mawailesi onse, ena ankati alembe kalata. Alamu anga anati kalata imaikidwa m'dirowa, ndipo wailesi ukabweza walanga anthu ako omwe. Iwo anati a ku Chipata akufuna kaseti sabata iliyonse, apatsidwe kaseti sabata iliyonse, koma yopanda mawu a munthu, mpaka lamulo la mayina ndi lodula mawu lichotsedwe. Onse anagwirizana, anagwirana chanza.

Lachinayi lotsatira anthu anabwera ambiri kuposa kale, pakuti mbiri inali itamveka kuti lero tikukhala chete, ndipo anthu amakonda kuona zachilendo. Pulogalamu itatha, alamu anga anaika kaseti, anadina batani lofiira, anatulutsa chitsononkho n'kuchifumbata okha pachifuwa. Anatiyang'ana mmodzimmodzi. Ine anandiyang'ana kawiri.

Abale, kukhala chete ndi ntchito. Ndalimapo mphanje, ndanyamulapo matumba, koma tsiku limenelo ndinatuluka thukuta. Kaseti ija inkangozungulira, tswii tswii. Tambala analira. Kumjigo wina ankapopa madzi, chitsulo chikulira kwee kwee monga chimachitira chathu chija. Kutali mayi wina ankasinja. Mbuzi inabwera, inanunkhiza wailesi, n'kulira molunjika pa khutu lake penipeni. Katekisiti anatseka maso, mapewa akugwedezeka. Mkulu wa gule amene anakhala naye pafupi analuma kolala ya malaya. Ine chifuwa chinandikanda, ndinachigwira, ndinachigwira, mpaka chinatuluka chokha, khoo! Alamu anga anandiloza ndi chitsononkho ngati mkondo. Mbali imodzi itatha anatembenuza kaseti, tinayambanso. A Nabanda anakhala kumapeto, manja ali m'chitenje, ndipo titamaliza anagwedeza mutu kamodzi kuyang'ana kwa alamu anga. Tsiku limenelo alamu anga anapita kunyumba akuimba mluzu.

Tinachita choncho masabata angapo. Pulogalamu inayamba kuonda, ankangobwereza zakale ndi kuika nyimbo. Tinati tawagwira.

Ndiye Lachinayi lina, tili pa mkuyu, wailesi inayamba ndi tambala. Kenaka kwee kwee wa mjigo. Kenaka mtondo, thi, thi, thi. Mbuzi. Pamwamba pa zonsezo mawu osalala a mwamuna wa m'tauni akunena kuti kumudzi kuli mtendere, mlimi wa thonje amagona tulo tabwino. Asanamalize, khoo!

Anthu onse anatembenukira kwa ine. "Chifuwa chanu icho!" anakuwa wina. Anaseka mpaka ena kugwa pa zipika. Inenso ndinaseka, ndisaname, pakuti si aliyense amene chifuwa chake chinamveka chigawo chonse cha kum'mawa. Koma nditayang'ana alamu anga kuseka kunandithera. Anakhala chowongoka, maso ali pa wailesi, ngati munthu amene galu wake womulera yekha wamuluma. Titalankhula, anatidula mawu. Titakhala chete, anatenga cheteyo n'kugulitsira thonje.

Sabata yomweyo a Tembo anabwera pa njinga yamoto, osavula n'chisoti chomwe.

"A Mwale, ine ndimakulemekezani. Koma wailesiyi si yanu, ndi ya bungwe. Kaseti ikabweranso yopanda mawu, andiuza kuti ndiipereke kwa munthu wina amene angayendetse gulu."

"Munthu wake ndani?"

"A Yobe avomera kale."

A Yobe ndi aja a kagolosale pamphambano, amenenso ankagawa mbewu ndi mankhwala a kampani ya thonje ija. Amene a Yobe amukana, chaka chimenecho thonje salima. Tsono taganizani, munthu atchule dzina lake, adandaule za kampani, wogwira wailesi ali a Yobe.

"Ndiye mukuti ndiziitana anthu anga, ndiziwauza kuti atchule mayina, inu muzikadula?"

"Ine sindidula, bambo. Ine ndimangonyamula."

"Aliyense akungonyamula. Nanga wodula amakhala kuti, ndikamuone?"

A Tembo analiza njinga yawo.

Alamu anga anazunguliranso kwa matcheya. Anapeza wa ku Mlolo wayamba kale kujambula, ati anthu ake anamuopseza kuti wailesi ikapita amuthamangitsa pamudzi. Wina wa kufupi ndi boma anali atalandidwa, wailesi ili kwa wogawa mbewu wa kumeneko. Ena anabisala m'nyumba, kutuma akazi kuti akanene kuti apita kudimba. Kuno kwathu nakonso anthu anayamba kung'ung'udza. Wailesi ija sinali ya Lachinayi lokha. Tinkamverapo mauthenga a maliro, mitengo ya chimanga, mpira. Amuna ena anati a Zefaniya akufuna kutiphera wailesi chifukwa cha mayi mmodzi. A Naphiri, amene zaka zonsezi ankaitukwana, anati ingopitani mukaitaye kwa a Yobe, mupume, mubwerere kumunda.

Alamu anga ndinawapeza kudimba atakhala pa chitsime, khasu lili pambali loyera.

"Alamu, siyani. Simulipidwa. Akutengerani chiyani mukasiya?"

"Ndikasiya, Lachinayi anthu apita kwa Yobe."

"Apite."

"Apita ndithu. Ndipo Yobe sadzawauza kuti asamale. Adzawakoka lilime, adzati nenani zonse amayi, kenaka nthawi ya mbewu adzakumbukira. Ine ndikakhalapo, ndingathe kumuponda munthu phazi asananene chomupweteka."

"Ndiye mukhala tcheya woponda anthu mapazi kuti asalankhule? Inu?"

Anatola khasu n'kuyamba kulima pamene analima kale.

Lachinayi anabwera ndi wailesi. Anadina batani lofiira. Monga mwa mwambo wawo chitsononkho chinayambira kwa azimayi, ndipo woyamba pa mzere anali a Nabanda. Alamu anga anachipereka kwa iwo.

"Mayi, muyambe ndi dzina."

A Nabanda anachilandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Ine ndine Nabanda wa ku Zemba. Tathokoza chifukwa cha pulogalamu."

Anachipereka kwa mnzawo. Mnzawoyo anatchula dzina, anathokoza. Wotsatira chimodzimodzi. Chitsononkho chimene kale chinkatenga masana onse kuti chifike kwa amuna chinandipeza dzuwa lisanasunthe. Ndinachigwira, ine wa pakamwa poyabwa, ndinayang'ana alamu anga, ndinatchula dzina langa, n'kuthokoza.

Zinakhala choncho mpaka imfa yawo. Sanaphonyepo Lachinayi, ngakhale miyendo itayamba kutupa, a Naphiri akukankha njinga iwo akutsimphina pambuyo. Mlendo kapena wachinyamata akatenthedwa mutu n'kuyamba kunena za sikelo ya kampani, ankatsokomola, kapena kugwetsa chipewa, kapena kunamizira kuti mabatire atha. Ena ankawanena kuti anagulidwa. Alamu anga ankamva zonsezo. Anandiuza kamodzi kokha, tikuchokera ku Misa, kuti anayamba ntchitoyi kuti atsegule anthu pakamwa, tsopano akuisunga kuti aziwatseka, ndipo sakuona khomo lotulukira limene silidutsa pa golosale ya Yobe.

A Tembo anabwera kudzatenga wailesi tisanasese n'komwe. Anapepesa maliro, anagwada bwinobwino, n'kuimanga pa njinga yamoto ndi mphira, yopanda chokulunga. Tsopano ili pa shelefu kwa a Yobe, pakati pa sopo ndi machesi.

Dzulo linali Lachinayi, ndiye miyendo inangonditengera ku mkuyu. Zipika zimene tinkakhalira azimayi anatola kukasonkhera moto wa pamaliro, chatsala chimodzi chodyedwa ndi chiswe. Nkhuyu zagwa, zikuwolera pomwepo, ntchentche zili ng'waa. Kuchokera pamphambano wailesi inkamveka pang'ono, ndi mawu a a Yobe akuitana anthu kuti asendere pafupi. Ndili chikhalire anatulukira a Nabanda, khasu paphewa. Anaima, anayang'ana uku ndi uku.

"Muli nokha?"

"Ndili ndekha, mayi."

"M'thumbamo mulibe kanthu kojambula?"

Ndinatembenuza matumba onse, munagwa fodya yekha. Anatula khasu, anakhala pansi pa muzu, n'kuyamba kulankhula. Za thonje, za mdzukulu amene anasiya sukulu, za manja awo amene mpaka lero salola sopo, za a Mwale amene anawakwiyira zaka zonsezi chonsecho ankadziwa kuti akuwatchinjiriza. Analankhula mpaka mthunzi unasuntha kutisiya padzuwa. Ine sindinawadule ngakhale kamodzi. Atamaliza anadzikuntha fumbi, anatola khasu, n'kulowera njira ya kumunda, yosadutsa pamphambano.

Ndinatsala ndi chipika chija. Pamene pankakhala anthu udzu wayamba kale kumera, ndipo kanjira kochokera kunyumba kwa alamu anga mbuzi zokha ndi zimene zikukadziwa.